Oyimba, munda wa mbiri yakale n'ngobwereka

Nyimbo masiku ano imayamba kulowa m'maso isanafike m'khutu. Woyimba akatulutsa chimbale popanda vidiyo, anthu amangoti ntchito sadaimalize. Kuyambira pamene wailesi ya kanema ya TVM idatsegulidwa mu Epulo 1999, oyimba athu akhala akusakasaka malo okongola oti aimepo powajambula. Lero, pamene nyimbo zikuyenda pa YouTube, TikTok ndi WhatsApp, kusakasakako kwafika pena.

Ena amathamangira kunyanja, ena amakwera pathanthwe, enanso amabwereka nyumba ya munthu wachuma pamodzi ndi galimoto lake lomwe. Koma ambiri, makamaka makwaya a m'mipingo ndi oyimba nyimbo zachikondi, mtima wawo umagwera m'minda ya maluwa ndi mitengo, momwe muli kapinga, mthunzi ndi madzi oyenda. Kuno kwathu, munda wamtunduwu womwe uli ndi mbiri yaitali kuposa ina yonse ndi wa Botanic mumzinda wa Zomba.

Maganizo athu pankhaniyi ndi awa: oyimba sakulakwa kusankha malo otere, ndipo palibe chifukwa chowatsekera chipata. Koma munda womwe wakhala zaka zoposa 130 usatengedwe ngati chinsalu chomwe wojambula zithunzi pamsika amapachika kumbuyo kwa kasitomala, n'kuchipinda akamaliza. Mundawu ndi chuma cha fuko lonse. Aliyense wolowamo ndi kamera adziwe kuti wabwereka, ndipo chobwereka chimabwezedwa chili bwinobwino.

Nkhani yojambula nyimbo m'munda wakale siidayambe lero, komanso siidayambire kuno. Pa 20 Meyi 1966, gulu la The Beatles la ku Britain lidalowa m'munda wa Chiswick House, kumadzulo kwa mzinda wa London, kukajambula kanema wa nyimbo zawo ziwiri, Paperback Writer ndi Rain. Yemwe adatsogolera ntchitoyo anali Michael Lindsay-Hogg. Anyamata anayiwo anali atatopa n'kumayendayenda m'mawailesi a kanema nthawi iliyonse akatulutsa nyimbo, choncho adaona kuti n'kwabwino kujambula kamodzi n'kutumiza kanemayo kulikonse komwe akufunidwa. Ambiri akamafotokoza chiyambi cha mavidiyo a nyimbo omwe tikuwadziwa lero, salephera kutchula ntchito ya tsiku limenelo.

Malo omwe adasankhawo sanali wamba. Nyumba ya Chiswick adaimanga ndi Lord Burlington ndipo idamalizidwa mu 1729. Munda wake adauyala mothandizana ndi William Kent, ndipo kayalidwe kake kadasintha momwe Angerezi ankakonzera minda yawo. Mkatimo muli ziboliboli za miyala, mikungudza ikuluikulu ya ku Lebanon, komanso nyumba ya magalasi yosungiramo maluwa yomwe idamangidwa mu 1813. Ena mwa maluwa a camellia omwe ali m'nyumbamo adabzalidwa zaka pafupifupi 200 zapitazo. The Beatles adajambulidwa m'nyumba ya magalasiyo, pakati pa ziboliboli ndi pansi pa mkungudza.

Awiri mwa oyimbawo adatsikira kuli chete, John Lennon mu 1980 ndi George Harrison mu 2001, koma mundawo ukadalipo ndipo okonda gululo amapitabe kukaona pomwe akatswiri awo adakhala. Ntchito ya tsiku limodzi ikuitanabe alendo mpaka lero.

Komabe pali phunziro lachiwiri lomwe sitiyenera kuliphonya. Kutchuka kokha sikudaupulumutse mundawo. Zaka zikupita, udayamba kuwonongeka, moti mu 2005 padakhazikitsidwa bungwe louyang'anira, ndipo ntchito youkonzanso, yomwe idatha mu 2010, idadya ndalama zokwana pafupifupi mapaundi 12 miliyoni. Munthu wongofuna kupitidwa mphepo amalowa mwaulere, koma wofuna kujambula za malonda amapempha chilolezo n'kulipira. Ndalama zimenezo ndi zina mwa zomwe zimausamala. Munda wakale umadya ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo odyerera kukongola kwake ayenera kusonkhako.

Mbali ina ya nkhaniyi idaonekera kudziko la Iceland. Kumeneko sikudali kumunda, kudali kuchigwa chakuya chotchedwa Fjaðrárgljúfur, koma phunziro lake ndi lomweli. Mu 2015 woyimba wa ku Canada, Justin Bieber, adajambulirako vidiyo ya nyimbo yake ya I'll Show You, momwe amaoneka akuyenda m'mphepete mwa phompho ndi kugubuduka pa ndere zomera pamiyala. Anthu miyandamiyanda adaionera, ndipo ambiri adafuna kukaponda pomwe iye adaponda. Alendo adachuluka kuchoka pa 150,000 mu 2017 kufika pa 282,000 mu 2018. Zomera zomwe zimatenga zaka zambiri kuti zikule zidapondedwa mpaka padatsala matope, ndipo mu 2019 bungwe loona za chilengedwe m'dzikolo lidatseka malowo kwa kanthawi.

Apa tikuona kuti chowononga chachikulu sichidali tsiku lojambulalo. Chidali chitsanzo chomwe chidaonetsedwa. Chomwe woyimba wachita pakanema, omutsatira amachitanso, ndipo iwo amabwera ali chikwi pomwe iye adabwera ndi anthu ochepa.

M'chaka chomwecho cha 2015, ojambula vidiyo ya Taylor Swift ku Bethells Beach m'dziko la New Zealand adadzudzulidwa kaamba kolowetsa magalimoto ambiri pamchenga pomwe chilolezo chawo chidali cha awiri okha, pamalo pomwe mbalame zosowa zimaikira mazira. Kampani yomwe inkayendetsa ntchitoyo idapepesa. Chilolezo chidalipo, koma pepala palokha silitchinga galimoto ngati palibe munthu woima pomwepo n'kumawerenga.

Tsopano tibwerere kwathu ndipo tifunse: kodi oyimba athu akamalowa ku Botanic ku Zomba, amadziwa pomwe akupondapo?

Mundawu udayamba mu 1891, chaka chomwe Angerezi adalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo. Adauyambitsa ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa ku Scotland yemwe ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston. Cholinga chidali kuyeserapo mbewu ndi mitengo yochokera kunja, kuti aone zomwe zingachite bwino m'nthaka yathu. Chapafupi pali nyumba yomwe idamangidwa mu 1886, momwe Johnston adakhalamo, yomwe pambuyo pake idadziwika kuti Hotel Masongola. Mtsinje wa Mulunguzi, wochokera paphiri la Zomba, umadutsa momwemo. Zomba idali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo idapitiriza kukumana kumeneko mpaka 1994, mtunda wongoyenda pansi kuchokera kumundawu.

Mabuku adasunga mayina a Whyte ndi Johnston. Sadasunge mayina a makolo athu omwe adagwira khasu, kusenza miyala ndi kuthirira mbande. N'chifukwa chake sitigwirizana ndi omwe amati mundawu ndi wa atsamunda ndipo ife sutikhudza. Thukuta lomwe lidagwera pamenepo ndi lathu. Mundawu uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1987 ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo ndipo limayang'aniranso minda yotere ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Ambiri timaona ngati Botanic ndi malo ojambulirapo zithunzi za ukwati basi. Zoona zake n'zakuti ntchito yeniyeni ya munda wotere ndi kusunga zomera zamoyo, kuzilemba mayina ndi kuzifufuza, monga momwe laibulale imasungira mabuku. Ana a sukulu ndi ophunzira a payunivesite amapita kukaphunzira kumeneko. Kachikwangwani kakang'ono komwe kali patsinde pa mtengo ndi komwe kamasiyanitsa mundawu ndi tchire wamba.

Wofuna kumvetsa kufunika kwa ntchitoyi aganizire za mkungudza wa ku Mulanje. Mtengowu, womwe udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lino mu 1984, dzina lake la sayansi ndi Widdringtonia whytei, potengera Whyte yemweyo. Kale unkadzaza phiri la Mulanje. Koma kaamba ka macheka ndi moto, kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha paphiri lonselo. Ina mwa mbewu zobwezeretsera mtengowu idachokera kumitengo yomwe idabzalidwa kale kunja kwa Mulanje, kuphatikizapo paphiri la Zomba. Chomera chosungidwa kutali ndi kwawo chimatha kupulumutsa mtundu wake wonse. Woyimba sangadziwe ngati duwa lomwe wathyola kuti apatse mtsikana wa m'vidiyo ndi lopezeka paliponse kapena ndi limodzi mwa ochepa omwe atsala.

Wina afunsa kuti kodi anthu oyimba n'kuvina angawononge chiyani? Vuto n'lakuti kuwonongeka kwa munda sikuoneka tsiku lomwelo. Mizu yambiri ya mtengo, ngakhale waukulu chotani, imakhala pamwamba, m'kati mwa masentimita 60 a nthaka, ndipo imayala kupitirira pomwe nthambi zimathera. Galimoto likaima pansi pa mtengo, kapena kwaya ya anthu 40 ikaponda malo amodzi kubwereza ndime imodzi kakhumi, nthaka imalimba. Mpweya ndi madzi zimalephera kufika kumizu. Mtengo suuma mawa lake. Umayamba kufooka pang'onopang'ono, n'kudzagwa patatha zaka, vidiyo ija anthu ataiiwala, ndipo palibe amene angalozedwe chala. M'nyengo ya dzinja, nthaka ikanyowa, vutoli limakula.

Onjezanipo msomali wokhomedwa pamtengo pofuna kupachika nsalu kapena waya, womwe umatsegulira matenda khomo. Onjezanipo mafuta otayika kuchokera m'jenereta, utsi wokometsera chithunzi, kachikwangwani kozulidwa chifukwa kakuipitsa kanema n'kubwezedwa pamtengo wolakwika, ndi mabotolo ndi majumbo opita mu Mulunguzi. Chilichonse pachokha n'chaching'ono. Koma magulu akamabwera sabata ndi sabata, aliyense n'kusiyapo kake, mapeto ake ndi munda wotopa.

Tikudziwa madandaulo a oyimba, ndipo ena mwa iwo ndi omveka. Woyimba wa kuno amadzilipirira yekha situdiyo, wojambula, zovala ndi thiransipoti. Nyimbo ikatuluka, anthu amangopatsirana pafoni, iye osaona kanthu. Kwaya ya kumudzi imasonkherana miyezi kuti ipeze ya minibasi. Anthu otere ukawauza kuti alipirenso malo, amafunsa kuti: kodi mundawu si waboma, ndipo boma si ife okhoma msonkho?

Yankho lathu n'lakuti inde ndi wa tonse, ndipo n'chifukwa chake munthu mmodzi sangaugwiritse ntchito popangira malonda ake ngati kuti ndi wake yekha. Wodzapuma amakhala pamthunzi n'kumapita. Wojambula amatenga malo abwino kwa maola angapo, amatsegula zokuzira mawu, amapempha ena kuti apatuke, ndipo potuluka amanyamula chithunzi cha mundawo kukagulitsira nyimbo yake. Ngati wosoka zovala za ovina amalipidwa, munda womwe waoneka kuyambira poyamba mpaka pomaliza usakhale wokhawo wogwira ntchito yaulere.

Sitigwirizananso ndi omwe angafune kuti makamera aletsedwe kotheratu. Munda womwe anthu saudziwa alibe nawo chifundo. Achinyamata ambiri a ku Karonga kapena ku Nsanje sadafikeko ku Zomba, ndipo mwina koyamba kuona nsungwi, mitengo italiitali ndi madzi a Mulunguzi ndi m'vidiyo ya woyimba yemwe amamukonda. Boma limalankhula kawirikawiri zokweza ntchito zokopa alendo, ndipo nyimbo imodzi yotchuka imafika komwe chikwangwani cha pamsewu sichingafike. Kutseka chipata kungakhale kutaya bwenzi lomwe mundawu ukulifuna.

Chofunika ndi dongosolo, ndipo aliyense ali ndi mbali yake.

Kwa oyimba ndi ojambula, tikuti yambani mwafunsa ngati mundawo ukugwirizana ndi nyimbo yanu. Akuluakulu adati ukaipa dziwa nyimbo, sadanene kuti nyimbo ikaipa dziwa munda. Tatopa kuona mavidiyo ofanana, anthu atandanda kutsogolo kwa maluwa n'kumagwedezeka, moti sungadziwe ngati ali ku Zomba kapena kuseri kwa ofesi ina ku Lilongwe. Ngati chomwe mukufuna ndi kapinga chabe, bwalo la tchalitchi kapena la sukulu likukwanirani. Ngati mwasankha munda wa mbiri, uonetseni kuti ndi womwewo, ndipo mbiri yake ikuthandizeni kukamba nkhani yanu.

Mukatsimikiza, pitaniko tsiku lojambula lisanafike. Safunsa adadya phula. Kumanani ndi oyang'anira, auzeni chilungamo kuti mubwera anthu angati, magalimoto angati, ndipo mukhala maola angati. Magalimoto atsale pamalo oimikapo ndipo katundu anyamulidwe pamanja. Jenereta ikhale pamalo olimba, kutali ndi madzi. Ovina avinire panjira kapena pakapinga pomwe mwalozeredwa, osati patsinde pa mtengo wakale. Kachikwangwani kakakusokonezani, sunthani kamera. Maluwa ogwiritsa ntchito m'vidiyo mugule kumsika. Kumbukiraninso kuti ena omwe mwawapeza m'mundamo, kaya ndi akwati, ophunzira kapena banja lodzacheza, ali ndi ufulu wofanana ndi wanu.

Koposa zonse, musachite pakanema chomwe simungafune kuti anthu chikwi adzachite pambuyo panu. Mukakwera mtengo, adzakwera. Mukalemba dzina la wokondedwa wanu pakhungwa, adzalemba awo. Ndipo pamapeto a vidiyo, pomwe mumathokoza wopanga nyimbo ndi wokonza tsitsi, lembaninso dzina la mundawo. Sizikutengerani tambala, koma ndi momwe woonera amadziwira koti apite.

Kwa bungwe loyang'anira minda yathu, pempho lathu n'lakuti malamulo ndi mitengo ya kujambula zikhale poyera, pachipata ndi pa intaneti, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, kuti woyimba adziwiretu asananyamuke kwawo. Mitengoyo isiyane. Kwaya ya kumudzi ya kamera imodzi isalipire mofanana ndi kampani yojambula malonda a foni kapena zakumwa. Paliponse pomwe mtengo sudziwika, mpata wa kangachepe umatseguka, ndipo ndalama yolowa m'thumba la munthu siithirira duwa. Aliyense wolipira alandire lisiti.

Gulu lalikulu lipatsidwe wantchito mmodzi woyenda nalo, woti aziloza poyenera kuponda komanso kufotokoza mbiri ya malowo. Lisiyenso ndalama ya chikole yoti ibwezedwe malo akapezeka ali bwino. Mbali zomwe muli zomera zosowa zidziwike kuti n'zosajambuliramo. Ndipo ndalama zotoleredwazo zionekere m'mundamo, m'mabenchi, m'timilatho, m'zimbudzi ndi m'zikwangwani, chifukwa munthu amalipira mosanyinyirika akamaona komwe ndalama yake ikupita.

Mabungwe a oyimba ndi opanga mafilimu, monga Musicians Union of Malawi ndi Film Association of Malawi, asadikire kuti mpaka pachitike ngozi. Mutu umodzi susenza denga. Akhale pansi ndi oyang'anira minda, agwirizane mtengo woyenera mamembala awo ndi malamulo ochepa omveka bwino omwe aliyense angawatsate. Mawailesi a kanema nawo angathandize pongotchula komwe vidiyo idajambulidwa akamaiulutsa. Boma, kudzera m'maunduna oona za chilengedwe, zokopa alendo ndi chikhalidwe, lidziwe kuti ndalama za pachipata pazokha sizingasamale munda wa mahekitala pafupifupi 50.

Zomwe tanenazi zikukhudzanso malo ena a mbiri omwe makamera amawakonda, monga bwalo la Mandala House ku Blantyre, nyumba yomwe idamangidwa mu 1882, ndi la tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chidamalizidwa mu 1891. Malo otere ali ndi eni ake, ndipo ena ndi opembedzerapo. Kupempha ndi ulemu, ndipo eni ake akakana mavinidwe ena pakhomo pa nyumba ya Mulungu, asatengedwe ngati adani a luso.

Tataya kale zambiri m'dziko muno chifukwa chozengereza. Mapiri a Ndirande ndi Soche, omwe akuluakulu amawakumbukira ali ndi nkhalango, lero ali mbee, ndipo mkungudza wa ku Mulanje tikuchita kuuyambanso kuchokera kumbande. Madzi akatayika saoleka. Munda wa Botanic ku Zomba ukadali moyo, ndipo oyimba ali ndi mphamvu zoupangitsa kuti Amalawi aukonde kuposa momwe nduna kapena mphunzitsi angathere. Alowe, ajambule, nyimbo zimveke. Koma alipire choyenera, atchule dzina la malowo, ndipo potuluka asiye mitengo ili momwe adaipezera, kuti woyimba yemwe lero ali kumkaka adzapezenso mthunzi woimapo.